Buloko ya aluminiyamu ikang'aluka: mmene mungaiwotcherere osadzalira pambuyo

Buloko yoyamba ya injini yomwe ndinawotcherera ine inaoneka bwino zedi pamwamba, mzere wowala ngati ndalama zosanjikiza, koma titangoithira madzi nkuipopa mpweya inayamba kutuluka thukuta pambali penipeni pa mzerewo ngati munthu wa malungo. Vuto silinali dzanja langa kapena makina ayi. Vuto linali oyilo yemwe anali atamwerera mkati mwa chitsulocho, ine nditangopukuta pamwamba nkumati basi zayera. Nde ngati mwabwera kudzafunsa kuti makina muwaike pa maampu angati, dikirani kaye, tifika. Pa ntchito imeneyi tochi yowotcherera imayaka mwina maminitsi 20 okha, koma kukonzekera kumatha tsiku lonse ndipo ndi komweko komwe ntchito imapindulira kapena kuonongekera.

Tiyambe ndi funso lomwe anthu sakonda kulimva: kodi buloko yanuyo ndiyoyeneradi kuwotcherera? Mng'alu ukakhala kunja, pakhoma la njira ya madzi, pakhutu pomwe pamamangidwa maunting'i kapena giyabokosi, kapena bowo lomwe koni rodi yaboola itaduka bola isanafike pa njira ya oyilo, pamenepo mwayi ulipo wambiri. Koma ukadutsa pomwe pamakhala mabering'i a kilankishafuti, kapena walowa mu silinda, kapena wayenda pakati pa masilinda awiri oyandikana pomwe khoma lake ndi lopyapyala kale, ine ndingati ganizani kawiri. Sikuti sizitheka, akatswiri a injini za mpikisano amachita, koma akatha amaitengera ku makina kukaboolanso mzere wonse wa mabering'i ndi kuika masilivu atsopano, nde mukawerengera zonsezo mupeza kuti buloko ina yogwiritsidwapo kale ntchito ikanakuthandizani msanga. Pali masilinda ena omwe alibe silivu ya chitsulo, amangokutidwa ndi kakhungu kolimba kotchedwa Nikasil kapena buloko yonse ndi ya aluminiyamu wa silikoni wambiri wotchedwa Alusil ngati injini zina za Porsche, BMW ndi Mercedes, amenewo mkati mwa silinda musayerekeze nkomwe kuyatsamo tochi chifukwa chomwe pisitoni imatsetserekapocho simungachibwezeretse ndi rodi.

Funsaninso kuti inang'aluka chifukwa chani. Ngati injini inatentha mpaka kuwira, aluminiyamu akhoza kukhala kuti wafewa buloko yonse, ndipo olo muwotcherere bwino bwanji mabawuti a hedi adzangozula mazinga ake mukamamanga. Ngati ndi madzi omwe anaundana mkati kumadera ozizira, pajatu madzi akasanduka ayezi amafufuma pafupifupi 9 peresenti, yembekezerani kuti ming'alu si umodzi wokha. Ina imabwera chifukwa munthu anamanga bawuti mu bowo lomwe munali oyilo kapena madzi, zamadzimadzi sizipanikizika nde zimangokankha khoma mpaka kuphulika, imeneyo nde yosavuta ndipo imachira bwino.

Chinanso, tsimikizani kuti ndi aluminiyamudi. Maginito akamata ndiye kuti ndi chitsulo chakuda chija ndipo nkhani yake ndi ina. Akapanda kumata musafulumire kusangalala, pali magineziyamu yemwe amafanana naye kwambiri, BMW N52 mwachitsanzo kunja kwake ndi magineziyamu. Palani pang'ono malo obisika nkudonthezapo vinega. Pa aluminiyamu sipachitika kanthu, pa magineziyamu pamachita thovu. Magineziyamu amafuna rodi yakeyake ndipo tizidutswa take tikagwira moto madzi sazimitsa, amangoukolezera.

Buloko ichoke mgalimoto ndipo muiphwasule yonse. Ndikudziwa ena amawotcherera ili momwemo, ndaonapo, koma mkati mukhala muli madzi ndi oyilo zomwe zikuba kutentha ndi kutulutsa nthunzi, kuphatikizapo magetsi a makina owotcherera a TIG omwe akhoza kupsereza kompyuta ya galimoto kapena kudutsa mu mabering'i. Chotsani pisitoni, kilankishafuti, masensa, masilu a labala, mapulagi a njira za oyilo, chilichonse. Kenako kutsuka ndi sopo wochotsa girisi ndi madzi otentha. Kositiki soda ayi, ameneyo amadya aluminiyamu, anthu azolowera kuviikamo mabuloko achitsulo nde amaiwala.

Tsopano kupeza pomwe mng'alu wathera. Maso amanama apa. Mng'alu womwe mukuuona ngati masentimita 5 kawirikawiri umapitirira mbali zonse ngati katsitsi kosaoneka, ndipo poti aluminiyamu sagwira maginito njira yofufuzira ndi maginito ndi ufa wachitsulo siigwira ntchito. Pezani mankhwala opopera aja obwera mzitini zitatu, chotsukira, chofiira ndi choyera. Mumapopera chofiira nkuchisiya maminitsi 10 mpaka 20 kuti chilowerere, nkupukuta ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi chotsukira, osapopera chotsukiracho pamng'alu penipeni chifukwa mutsuka utoto womwe walowa uja, kenako nkupopera choyera mopyapyala. Mukadikira pang'ono mng'alu wonse umadzijambula wokha mofiira. Poperani malo okulirapo, mudzadabwa kupeza tiana take tomwe simumatiyembekezera. Kumathero onse awiri boolani ndi dirilu ya mamilimita 3 kapena 4, pang'ono kutsogolo kwa pomwe kufiira kwathera, kuti mukayamba kutenthetsa mng'aluwo usathawire patsogolo.

Mukatero kumbani mng'aluwo ukhale ngalande yooneka ngati V kapena U, yotambalala mokwanira kuti nsonga ya tochi ione pansi pake. Apa ambiri amatenga galayinda ndi disiki yomwe dzulo amadulira zitsulo, nkulakwa kumeneko. Disiki imapaka aluminiyamu ngati phala nkutseka mng'alu pamwamba, nkukwiriramo mchenga wake ndi tizitsulo, inu nkumaona ngati mng'alu watha chonsecho mwangoufunditsa. Gwiritsani ntchito kabaidi (kansonga kolimba kosemera zitsulo) wa mano otalikirana wopangidwira aluminiyamu pa kagalayinda kakang'ono kaja, ameneyo amasema tizipalapala toyera osapaka. Musamuthire oyilo kapena sera kuti asamatirire, pajatu tikulimbana ndi mafuta omwewo. Kumbani mpaka mng'alu wonse utachoka kapena mutatsala ndi milimita imodzi kapena iwiri kuti mutulukire kuseri, ndipo ngati kuseriko kukufikirika nkwabwino kudzawotcherera mbali zonse ziwiri. Mukawotcherera pamwamba pokha pansi mng'alu ulipobe, udzakwera wokha kudutsa mu weludi yanuyo injini ikangotentha nkuzizira kangapo.

Nde tafika pa oyilo uja. Aluminiyamu wothiridwa mu chikombole sakhala wogwirana ngati pepala la aluminiyamu logula, mkati mwake mumakhala timabowo tating'onoting'ono ngati siponji, ndipo kwa zaka zonse zomwe injini yakhala ikuyenda timabowoti takhala tikumwa oyilo wotentha. Mukapukuta ndi asetoni mwachotsa wapamwamba yekha. Mukangoyatsa tochi wamkati uja amawira nkutumphukira mu chithaphwi cha chitsulo chosungunuka, haidirojeni wochokera mmafuta ndi mchinyezi amasungunuka mosavuta mu aluminiyamu wamadzi koma akamauma amamulavula, nde zotsatira zake ndi weludi yodzadza ndi timabowo yomwe imadontha. Mankhwala ake ndi kuitulutsa thukuta. Tenthetsani malowo ndi tochi ya gasi pang'onopang'ono, mudzaona pakunyowa pakuda, oyilo akutuluka pachitsulo chomwe mumati nchoyera. Siyani pazizireko, pukutani ndi asetoni, kwechani ndi burashi, tenthetsaninso. Katatu, kanayi, olo kasanu, mpaka patasiya kutuluka kanthu. Zimatopetsa ndipo zimanunkha, koma ine gawo ili sindidumphanso chichitikireni zija. Amene ali ndi uvuni yaikulu yosaphikiramo chakudya angoikamo buloko yonse pa madigiri 150 kwa maola angapo, zimayenda bwino kuposa.

Asetoni amayaka, nde botolo ndi nsalu zake zikhale kutali musanayatse chilichonse. Ndipo chonde chonde, mankhwala opopera otsukira mabuleki aja, ena mwa iwo ali ndi kolorini, akakumana ndi kutentha ndi kuwala kwa weludi amasanduka fosijini, mpweya wa poizoni womwe unkapha asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kadontho kotsalira mu bowo la bawuti nkokwanira kukuonongerani mapapo. Asayandikire nkomwe pamalopo.

Burashi ikhale ya waya wa sitenilesi, yatsopano, yoti sinakhudzepo chitsulo china, muilembe dzina kuti anzanu asabwereke. Ntchito yake ndi kuchotsa khungu lomwe aluminiyamu amavala akangokumana ndi mpweya. Khunguli ndi lodabwitsa, aluminiyamu mwini wake amasungunuka pa madigiri 660 koma khungu lake mpaka kupitirira 2000, nde mukapanda kulichotsa mkati mumasungunuka kunja kuli gwa, rodi nkumangogubuduzika pamwamba ngati dontho la madzi pa tsamba. Kwechani komaliza mutatsala pang'ono kuyamba.

Makina abwino pa ntchitoyi ndi TIG ya AC. AC ndiyofunika chifukwa magetsi akamasinthasintha mbali, theka lina limaswa khungu lija theka lina nkumalowetsa kutentha mchitsulo. Mpweya woteteza weludi ndi argon weniweni wosasakaniza ndi CO2, malita 8 mpaka 10 pa miniti, ndipo ngati pali poti mupeze wosakaniza ndi helium amathandiza pamalo okhuthala chifukwa moto wake umatentha kwambiri. Tungsten, kansonga ka tochi komwe moto umatulukira, ikhale ya mamilimita 2.4 kapena 3.2, ya lanthanated pa makina a inveta, ya chizindikiro chobiriwira ija isiyireni makina akale a thiransifoma. Balansi, yomwe imagawa magetsi pakati pa mbali ziwiri zija, yambirani cha pa 65 kapena 70 peresenti ku mbali yolowetsa kutentha, mukaona chithaphwi chili ndi tsabola wakuda pamwamba onjezerani mbali yotsuka. Za maampu, kawerengedwe kachidule nkakuti maampu 40 pa milimita iliyonse ya kukhuthala, kutanthauza kuti khoma la mamilimita 5 likufuna cha mma 200, nde makina ang'onoang'ono a 160 aja avutika pokhapokha mutatenthetsa bwino buloko. Pedulo ya phazi ndiyofunika kwambiri chifukwa poyamba pamafunika moto wambiri koma chitsulo chikakhuta kutentha mumayenera kubweza msangamsanga. MIG ya sipulu gani, yomwe imakankha yokha waya wowotcherera, imatha kudzaza bowo lalikulu mwachangu, koma imathira waya kaya pansi payera kaya ayi, siikupatsani mpata woona zinyalala zikutumphuka. Marodi a aki a aluminiyamu aliko, ine ndingawagwiritse pa khutu lothyoka basi, osati pomwe pakuyenera kusunga madzi.

Rodi tengani 4043, ili ndi silikoni pafupifupi 5 peresenti ndipo imagwirizana ndi mabuloko ambiri omwe amapangidwa ndi aluminiyamu wa silikoni ngati 319 ndi A356. Ya 4047 ili ndi silikoni 12 peresenti, imasungunuka msanga, imayenderera bwino ndipo siifupika kwambiri pouma, nde pa buloko yovuta yomwe ikung'alukang'aluka ndimathamangira imeneyo. Ya 5356 yomwe anthu amaikonda kuti ndi yolimba isiyeni, ili ndi magineziyamu wambiri ndipo siilangizidwa pa chinthu chokhalitsa pa kutentha kopitirira madigiri 65, injini nanga si imakhala cha mma 90 tsiku lonse. Rodi nayonso ipukuteni ndi asetoni, mudzaona kansalu kakuda.

Musanayambe tenthetsani buloko yonse, osati pamng'alu pokha. Aluminiyamu amathamangitsa kutentha mofulumira kwambiri, buloko yozizira imangomeza moto wa tochi yanu nkuumwaza, ndiponso amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo wamba, nde malo amodzi akatentha ena onse ali zii pamakhala kukokana komwe kumabala mng'alu watsopano pambali pa wakale. Madigiri 150 ndi abwino, musapitirire 200, chifukwa mabuloko ambiri analimbitsidwa ndi kutentha ku fakitale ndipo mukawaotcha mopitirira amafewa osabwereranso. Choopsa nchakuti aluminiyamu safiira ngati chitsulo, amaoneka chimodzimodzi kaya ndi wozizira kaya watsala pang'ono kugwa, nde musadalire maso. Pali makrayoni omwe amasungunuka pa kutentha kolembedwa pa iwo, amenewo sanama. Kamfuti koyezera kutentha patali kaja kamasokonezeka pa aluminiyamu wowala, kamaonetsa nambala yotsika, ngati muli nako komweko kalozeni pamalo akuda osanyezimira. Ngati buloko ili ndi makapu a mabering'i amangeni pa toki yake, kulimba komwe buku la injini limanena, musanatenthetse, ndipo ngati mng'alu uli pafupi ndi pamwamba pokhala hedi mangiranipo chitsulo chokhuthala chosalala, zimathandiza kuti isapindike. Masilivu achitsulo muziwayang'anira, aluminiyamu akafufuma kwambiri ena amatha kusuntha.

Ulendo woyamba wa tochi ukhale wopanda rodi. Ingoyendetsani moto wochepa mu ngalande muja, wongokwanira kunyowetsa pamwamba, ndipo muona zomwe zituluke, mwaye wakuda, timathovu tikuphulika, nthawi zina kamoto kachikasu. Imani, semani zonsezo ndi kabaidi, kwechani, bwerezani. Mukaona chithaphwi chayamba kuwala ngati kalilole ndiye kuti chitsulo chavomera. Pamenepo pakani rodi mopyapyala mmbali zonse ziwiri za ngalande kaye, kuti mukamadzalumikiza pakati mukhale mukuwotcherera pa aluminiyamu woyera wa rodi osati pa wakale wauve uja. Ngati nayonso yatuluka timabowo musachite ulesi, semaninso. Kudzaza pamwamba pa timabowo nkudzinamiza, timalumikizana pansi nkupanga njira ya madzi.

Polumikiza yambirani ku mabowo munaboola kumathero aja kubwera pakati, tizigawo tifupitifupi ta masentimita 2 kapena 3, uku kenako uko, kuti kutentha kusaunjikane malo amodzi. Pondani pedulo molimba mtima kuti chithaphwi chipangike mmasekondi atatu kapena anayi, mukamanyengerera ndi moto wochepa mumangotenthetsa buloko yonse popanda kusungunula pomwe mukufuna, kenako zonse zimadzagwa kamodzi. Tungsten ikhale pafupi koma ikangogunda chithaphwi kapena rodi imani, inoleninso, semani pomwe yagundapo. Pomaliza kagawo kalikonse musangochotsa phazi mwadzidzidzi, bwezani moto pang'onopang'ono mukudonthezera rodi kuti pasatsale kadzenje, chifukwa kadzenje kameneko kamang'aluka ngati nyenyezi pouma ndipo mng'alu watsopano umayambira pomwepo. Tochi ikhalebe pomwepo mpweya ukutuluka kwa masekondi angapo. Pakati pa mizere kwechani ndi burashi, ndipo ngati buloko yatentha kupitirira muyezo uja pumani kaye, imwani madzi. Weludi ikhale yotumphuka pang'ono pamwamba, yophwatalala kapena yolowa mkati ndi yomwe imang'aluka pakati.

Bowo lalikulu la koni rodi musalidzaze ndi rodi yokhayokha. Dulani chigamba kuchokera ku buloko ina yakufa kapena pepala la aluminiyamu lokhuthala mofanana, makona ake akhale obulungira, chilowe bwino mu bowomo, ndipo kuseri mutha kutchinga ndi chidutswa cha kopa chifukwa aluminiyamu samata pa kopa. Bowo la bawuti lomwe lang'aluka lidzazeni lonse nkudzaboolanso, ndipo poti weludi ya 4043 ndi yofewerapo kuposa buloko, ikanimo mazinga achitsulo aja monga Helicoil kapena Time-Sert.

Za thupi lanu, kuwala kwa TIG pa aluminiyamu nkoopsa kuposa pa chitsulo chifukwa kumanyezimira kuchokera mbali zonse, kumalowa ngakhale pansi pa chigoba chotchinga nkhope nkukuwotchani pakhosi. Galasi la nambala 11 mpaka 13, malaya a manja aatali a thonje, magolovesi, ndi malo opita mphepo koma osati yowomba pa tochi penipeni chifukwa ithamangitsa argon.

Mukamaliza musaithire madzi, musaipemerere ndi kompuresa, musaisiye pa simenti yozizira. Ifunditseni bulangete losayaka kapena ibwezereni mu uvuni yozimitsa, izizire yokha mpaka mawa. Nthawi zina mumamva kaphokoso kakuti thi ikamazizira, mtima umagwa ndithu, kawirikawiri ndiye kuti penapake pang'aluka ndipo mubwereza.

Mawa lakelo poperaninso mankhwala ofiira aja pa weludi ndi mozungulira monse, makamaka mmphepete momwe weludi yakumana ndi chitsulo chakale. Kenako kuyesa ndi mpweya. Tsekani makomo onse a njira ya madzi ndi timapuleti ndi labala, siyani limodzi loikapo valavu, popani mpweya cha pa mabaa 2, zomwe zikuposa 1 mpaka 1.5 yomwe chivindikiro cha radiyeta chimasunga, osapitirira kwambiri chifukwa mpweya wopanikizika ukaphulitsa pulagi umavulaza. Pakani madzi a sopo, kapena kuposa apo imizeni buloko mu madzi otentha chifukwa timing'alu tina timatseguka pokhapokha chitsulo chikafunda. Tithovu tikamatuluka pamalo amodzi lembani, semani, wotchereraninso. Ngati ndi kabowo kamodzi kakang'ono ngati nsonga ya singano kunja kwa njira ya madzi, ine sindichita manyazi kutsekapo ndi epokisi wopirira kutentha mmalo motenthetsanso buloko kachitatu, chifukwa ulendo uliwonse wa moto umaifewetsa ndi kuipinda.

Weludi yakunja yomwe siikutchinga kanthu isiyeni yotumphuka choncho, kuisalaza kuti ioneke bwino nkuichotsera mphamvu. Chomwe chikufunika kusalala ndi pamwamba pokhala hedi. Ikanipo lula yachitsulo yowongoka motalika, mopingasa ndi modutsa makona, nkumalowetsa fila geji, timapepala tachitsulo toyezera mpata, pansi pake, injini zambiri malire ake amakhala cha pa mamilimita 0.05 koma onani buku la injini yanuyo. Ikapitirira ipite kokasikima, kukapala pamwambapo ndi makina kuti pasalale. Muyezetsenso masilinda ngati akadali obulungira, ndipo goneketsani kilankishafuti pa mabering'i ake, mangani makapu pa toki, muizunguze ndi dzanja. Ikamazungulira mofewa mbali zonse zili bwino, ikamagwira penapake ndiye kuti mzere wapindika ndipo ukufunika kuboolanso musanamange china chilichonse. Njira za oyilo zitsukeni ndi timaburashi tatitali ndi mpweya kangapo konse, tizipalapala tosemedwa ndi kabaidi tija timabisala mmakona ndipo kamodzi kokha kakafika pa bering'i kamalemba mzere.

Injini ikalira koyamba isiyeni ifike pa kutentha kwake, izimitseni, izizire mpaka kuzizirira, muchite choncho katatu musanaipatse katundu. Ulendo uliwonse yang'anani pa weludi ndi tochi ya batire ngati pali chinyezi, onani madzi mu radiyeta ngati atsika, ndipo solorani dipisitiki muone ngati oyilo sakusanduka ngati mkaka.